Plugin imodzi pa WordPress, Drupal ndi Joomla: zimene ndaphunzira

Miyezi yapitayi ndakhala ndikufufuza ngati n'zotheka kulemba plugin (kapulogalamu kowonjezera ntchito pa webusaiti) kamodzi kokha n'kuigwiritsa ntchito pa WordPress, Drupal ndi Joomla, omwe ndi madongosolo omangira mawebusaiti. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mabungwe a anthu akwathu kuno ku Harare, makamaka a maliro ndi a mpingo a ku Mbare ndi Mufakose, akufuna kuti mamembala azipereka zapamwezi kudzera pa webusaiti, pomwe webusaiti iliyonse inamangidwa pa dongosolo limene womangayo ankalidziwa.

Poyamba ntchitoyi imaoneka yophweka, popeza madongosolo atatuwa analembedwa mu PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo onse amatsata laisensi ya GPL, yomwe imalola aliyense kugwiritsa ntchito ndi kusintha pulogalamu. Drupal inatuluka mu 2001, WordPress mu 2003, ndipo Joomla inabadwa mu 2005 itapatukana ndi dongosolo lina lotchedwa Mambo. Komatu lililonse lili ndi khomo lakelake lolowetsera ntchito ya munthu wakunja. WordPress imadalira ma hook, malo okonzedweratu amene plugin imakolekapo ntchito yake. Drupal, kuyambira pa mtundu wa 8 wa mu 2015, inatenga zigawo za Symfony, gulu la zida zomangira mapulogalamu a PHP. Pomwe Joomla imagawa zowonjezera zake m'mitundu yosiyana monga plugin, module ndi component.

Chimene chinanditsegula maso ndi CiviCRM, pulogalamu yosungira mayina a mamembala ndi zopereka zawo, yomwe imayenda pa madongosolo onse atatuwa komanso pa dongosolo lina lotchedwa Backdrop. Oilemba anaika ntchito yonse yeniyeni pakati, ndipo dongosolo lililonse analilembera kagawo kolumikizira koyankha mafunso ochepa: walowa ndani, ali ndi chilolezo chotani, adiresi ya tsamba ipangidwa bwanji. Ndinatsanzira njira imeneyi. Gawo lapakati la plugin yanga limawerengera ngongole ya membala, limasiyanitsa madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe yomwe inayamba mu April 2024, ndiponso limatsimikiza ngati ndalama yotumizidwa pa foni kudzera pa EcoCash yafikadi, koma silidziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli WordPress. Ndimalimanga ndi Composer, chida chosonkhanitsira zigawo za mapulogalamu a PHP, motsata PSR-4, lamulo la kasanjidwe ka mafayilo, n'kuliyesa ndi chida cha PHPUnit pa laputopu popanda intaneti, zomwe ndi thandizo lalikulu pamene data yadula kapena magetsi azima.

Vuto limene linanditengera nthawi yaitali ndi la ma library, zigawo za pulogalamu zolembedwa kale zimene plugin imadalira. Pa Drupal, Composer imayang'anira webusaiti yonse pamodzi, motero imakana msanga zinthu zosagwirizana. Pa WordPress plugin iliyonse imabwera ndi katundu wake, ndiye ma plugin awiri akanyamula library imodzi ya mitundu yosiyana, umene wayamba kulowa ndi umene umagwira ntchito, ndipo plugin inayo imatha kusweka mwini webusaiti osadziwa chifukwa chake. Mankhwala ake ndi chida monga PHP-Scoper, chomwe chimasintha namespace, kapena kuti dzina lapatsogolo lodziwitsira, ya library yako kuti isawombane ndi ya mnzako. Ndikuona kuti aliyense wolemba plugin yokhudza ndalama za anthu ayenera kuphunzira zimenezi asanaipereke kwa eni ake, chifukwa ndalama ya maliro ikasowa m'kaundula, banja lenileni ndi limene limavutika.

Masamba amene msungichuma amaona ndinasiya kuyesa kuwaphatikiza. Gutenberg, chida cholembera masamba chomwe chinabwera ndi WordPress 5.0 mu 2018, imadalira library ya JavaScript yotchedwa React. Drupal ili ndi zida zakezake: Form API yopangira mafomu ndi Twig yokonzera maonekedwe a tsamba. Ndipo ngakhale kumasulira mawu kuti aoneke m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chingerezi kumachitika mosiyana pa dongosolo lililonse. Kuwakakamiza kukhala amodzi kumabala tsamba looneka lachilendo paliponse, choncho ndi bwino kuwalemba katatu, bola akhale aafupi. Panopa ndikulimbana ndi zilolezo za Joomla, kuti msungichuma athe kuona amene walipira popanda kupatsidwa mphamvu zosintha webusaiti yonse.