Loweruka ku Deoksugung

Lero masana ndinatsika sitima yapansi pa City Hall muno mu Seoul, n'kulowa m'bwalo la nyumba zachifumu la Deoksugung kudzera pachipata cha Daehanmun kuti ndikaone Seokjojeon, nyumba yamiyala yomwe inamalizidwa mu 1910, chaka chimene Japan analanda Korea. Ana asukulu anali kalikiliki kujambulana pamasitepe, koma ine ndinakhala pabenchi moyang'anizana ndi nsanamira zake, n'kumalingalira kuti m'nyumba imeneyi ndi momwe nthumwi za America ndi Soviet Union zinakhala pansi pa 20 Malichi 1946 kukonza tsogolo la anthu a ku Korea, amene analibe mpando patebulopo.

Nkhaniyi inachokera ku Moscow, kumene mu Disembala 1945 nduna zoona za maiko akunja, Byrnes wa America, Molotov wa Soviet Union ndi Bevin wa Britain, anagwirizana kuti maiko awo atatuwo ndi China ayang'anire Korea kwa zaka zosapitirira zisanu asanadziimire payekha. Anthu amene anali atangovula goli la Japan la zaka 35 anamva ngati akuuzidwa kuti akadali makanda, ndipo andale a ku Korea, Kim Ku ndi Syngman Rhee, anatsogolera zionetsero zokana. Achikomyunizimu nawo poyamba anakana, koma mu Januwale anatembenuka n'kuvomera.

Chimene chandikhala pamtima tsiku lonse ndi chakuti mkangano wa m'nyumbayi sunafike n'komwe pa funso la boma loyenera Korea, unathera pa funso la yemwe aloledwe kulankhula. Shtykov, mtsogoleri wa nthumwi za Soviet, ankati magulu okana pangano la ku Moscow asafunsidwe maganizo, pamene Aamerika ankati kutero n'kutseka anthu pakamwa. Ine ndikuona kuti onse awiri ankawerengera mitu mwakachetechete, chifukwa kuchotsa okanawo kukanasiya boma m'manja mwa abwenzi a Moscow, ndipo kuwalowetsa kukanakomera Washington. Zokambirana zinaima mu Meyi 1946, zinayambiranso mu Meyi 1947, n'kukakamira pomwepo, mpaka America inatula mlanduwo ku United Nations. Pofika 1948 maboma anali awiri, la South Korea linakhazikitsidwa pa 15 Ogasiti, la North Korea pa 9 Sepitembala.

Dzuwa litapendeka ndinatuluka ndili ndi dzina la Lyuh Woon-hyung m'mutu, wandale wa ku Korea amene anayesetsa kuyanjanitsa achikomyunizimu ndi otsutsana nawo mpaka anawomberedwa pa 19 Julayi 1947, zokambirana zili mkati. Mawa ndilawirira ku Hyehwa-dong, dera la muno mu Seoul, ndikaone pamphambano pomwe anamuphera.