Freddy anapita, koma m'matupi mwa ena mvula ija sinakate

Munthu wobadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje sankaopa mvula. Tinakula ndi chiperoni, tinkapita kusukulu titafunda matumba a feteleza, ndipo tiyi wa m'maesiteti amabiriwira ndi mvula yomweyo. Zinthu zinasintha mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri kuno, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Soche mu Blantyre. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko muno, ena oposa 500 sanapezeke. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale cha ku Limbuli, ndipo mpaka lero mvula ikalimba pa malata ana ena amasiya kulemba, maso ali kuphiri. Akuluakulu omwe anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 amati iwonso zinkawachitikira, kungoti nthawiyo panalibe wowafunsa.

Koma lero ndikufuna ndikambe za achimwene anga, ndipo andilola.

Iwo ndi akabaza, amanyamula anthu ndi katundu pakati pa Limbuli ndi Muloza. Madzi ataphwera anali m'gulu la amuna ofukula anthu m'matope ndi makasu. Nyumba yawo sinagwe, ana awo onse ali moyo, choncho tonse tinawaika m'gulu la amwayi. Patapita miyezi alamu anga anayamba kudandaula. Bambo sakugona. Akagona akudzuka akukuwa, thukuta lili kamukamu. Chitseko chikamenyeka akudumpha. Ana akasokosa akupsa mtima, zomwe sankachita. Fungo la dothi lonyowa likuwachititsa nseru. Pamlatho anasiya kudutsa, kasitomala wopita tsidya ankamupatsira mnzawo, ndalama zinachepa, kachasu anachuluka. Tonse, abusa ndi ankhoswe omwe, mawu athu anali amodzi: limbani mtima, ndinu mwamuna, thokozani Mulungu kuti muli moyo. Iwo ankangoti, "Achemwali, ndikuyesa."

Ndipo ankayesadi. Vuto linali loti chomwe chinkawazunza sichimvera kulimba mtima. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, ntchito yake ndi kutchera ngozi. Kakaona choopsa kamachititsa thupi kutulutsa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika kuti munthu athawe kapena alimbane, ena amangouma. Ngozi ikadutsa zimayenera kubwerera m'malo. Koma munthu akaona zoopsa zopyola muyeso, ubongo nthawi zina sukwanitsa kusunga nkhaniyo ngati chinthu chakale. Imatsala zidutswa: fungo, mkokomo, nkhope ya munthu. Chofanana nacho chikangotulukira, thupi limachita ngati tsiku lija ndi lero. Zili ngati mlonda amene anamenyedwapo ndi akuba, ndiye tsopano akuliza wenzulo ngakhale mphaka akadutsa.

Anthu ambiri amachira okha pakatha masabata angapo, makamaka ngati ali ndi pogona, chakudya ndi abale. Koma mwezi ukadutsa munthu akulotabe, akupewa malo ndi nkhani zomukumbutsa, akukhala chewuchewu, akudziimba mlandu, mpaka ntchito ndi banja zikusokonekera, achipatala amati ndi PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa. Si misala, si kulodzedwa, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Achimwene anapita kuchipatala chifukwa cha mtima, ankaganiza kuti ndi BP. Atawayeza sanapeze kanthu, koma dokotalayo anafunsa funso limodzi labwino: zinayamba liti? Ndiye anawatumiza kwa namwino woona za matenda a maganizo.

Ine ndinkaganiza kuti uphungu ndi kungocheza, wina akulira wina akumutonthoza. Zomwe ankandifotokozera akabwerako zinali ntchito yeniyeni. Poyamba za matope sanazikhudze n'komwe. Anawaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, anakambirana za tulo ndi za mowa. Kenako anayamba kufotokoza tsiku lija mwadongosolo, kuyambira pomwe ananyamula khasu mpaka pomwe anafika kunyumba, namwino akuwafunsa kuti mantha afika pati pakati pa 0 ndi 10. Ulendo wotsatira nkhani yomweyo. Wotsatira yomweyonso. Masiku oyamba ankabwerako atatheratu, alamu anga mpaka anafuna kuwaletsa. Koma cholinga chake n'chakuti ubongo uphunzire kuti kukumbuka sikupha, nkhaniyo ikhale ndi chiyambi ndi mathero.

M'kati mwa kufotokozako ndi momwe munatuluka chomwe sanauzepo munthu. Anafukula kamwana kamsinkhu wa mwana wawo wotsiriza, ndipo m'mutu mwawo munakhazikika zoti akanafulumira akanakapeza kamoyo. Namwino sanawauze kuti asamaganize choncho. Anawafunsa mafunso: matope anatsika nthawi yanji? Inu munali kuti? Njira inali yodutsika? Mnzanu amene munkakumba naye mumamuimba mlandu? Anayankha okha mpaka anaona okha kuti anafika patapita tsiku lathunthu. Ife abale tinalephera kuwachotsa mlanduwo chifukwa sitinkadziwa n'komwe kuti ulipo.

Za mlatho anazichita ngati homuweki. Tsiku loyamba kukaima patali ndi akazi awo mpaka mtima utakhazikika. Kenako kuyandikira, kenako kuwoloka wapansi akukankha njinga, pomaliza atakwera.

Njira imeneyi ndi CBT, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, yolunjika pa zoopsa zomwe munthu anakumana nazo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO m'malangizo ake a 2013 linaivomereza pamodzi ndi ina yotchedwa EMDR, momwe wodwala amakumbukira zoopsazo akuyendetsa maso uku ndi uku, ndipo linachenjeza za kupereka mapiritsi a mtundu wa diazepam kwa munthu amene wangokumana ndi zoopsa. Izi ndazilemba dala chifukwa ndikudziwa anthu ogula timapiritsi togonetsa mwamseri. Chinanso, musakakamize munthu kufotokoza zonse m'mawa mwa ngozi. Zomwe namwino ankachita zinali zokonzedwa, pa liwiro la wodwalayo, osati kumuzungulira pamsasa aliyense ndi funso lake.

Chomwe chimandiwawa ndi kuchepa kwa anthu odziwa ntchitoyi. Ukatchula chipatala cha ku Zomba anthu amathawa, amati mukundiyesa wamisala. Chipatala china cha matenda a maganizo, St John of God, chili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, wakabaza sangafikeko. Komatu njira zilipo. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu ovutika maganizo. WHO ilinso ndi ndondomeko ya uphungu yotchedwa PM+, ya magawo 5, yomwe munthu wamba angaphunzitsidwe. Kuno tili ndi amayi a Mvano, alangizi a zaumoyo, ankhoswe, anthu omwe amalowa kale m'makomo. Sindikuona chifukwa chosawaphunzitsira. Ineyo ndine wopemphera, ndipo mapemphero anawagwira achimwene pomwe zinali zolimba, koma mlaliki wouza munthu wolota matope kuti ali ndi chiwanda asiye za kuchipatala, ameneyo sindigwirizana naye.

Achimwene anabwerera pamsewu wa Muloza, kachasu anasiya. Mvula ikakhala ya usiku wonse amadzukabe n'kukaona kunja, ndipo namwino anawauza kuti zimenezo si kubwerera m'mbuyo.

Ngati muli ndi m'bale wotere, mupite naye, ndipo akafika asangonena za mutu kapena mtima, chifukwa adzabwerako ndi panado. Anene zomwe anaona, kuti zinayamba liti, ndi zomwe wasiya kuchita chifukwa cha mantha, kenako apemphe kuonana ndi woona za maganizo. Akayamba kunena zoti moyo wamukwana, musadikire tsiku la msika, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asakhale yekha.