Bauti ya pa sampu ikabulungika mutu

Anyamata ena ochita sevisi m'mphepete mwa msewu muno mu Blantyre ali ndi kamatenda kamodzi, amamanga bauti yotulutsira oilo pa sampu, beseni la oilo la pansi pa injini, ngati akumanga tayala la lole. Sevisi inayo ikakwana wina amabwera ndi shifting, kukoka kawiri katatu makona a mutu wa bauti aja atheratu, sipanala kumangoterereka basi.

Choyamba siyani kulimbana nayo ndi sipanala yomweyo, mukungoonjezera kuidya. Komanso onetsetsani mbali imene mukukokera, munthu ukagona chagada pansi pa galimoto mutu umasokonezeka, ambiri amakhala akuimanga m'malo momasula. Ndipo chonde musagone pansipo galimoto ili pa jeke yekha, ikani masitandi.

Ma Toyota ambiri timaendera awa, Vitz, Sienta, Probox, mutu wa bauti yake ndi wa mamilimita 14. Ndiye inu tengani soketi ya 13 ya makona sikisi, osati ya makona 12 ija, imeneyo ndi imene imabulungitsa mabauti, muikhomere ndi hamala pang'onopang'ono mpaka ilowe ilume chitsulo bwinobwino, kenako chogwirira chachitali, mukoke kamodzi mwamphamvu uku dzanja linali likukanikiza soketiyo kuti isavuuke. Injini ikhale yofunda, osati yotentha, oilo wotentha akakutsikirani pamkono simudzaiwala. Soketiyo mwina siidzagwiranso bwino ntchito, ndiye musabwereke ya eni ake.

Ikakana yesani vice grip, pulayala yoluma n'kudzitseka ija, muimange mpaka manja apweteke. Zoimasula poimenya ndi tchizulo ine sindizikonda, chifukwa masampu ena ndi a aluminiyamu, kuphonya kamodzi mwang'amba sampu, pamenepo ndiye nkhani ya ndalama zina.

Zonsezi zikakanika pitani kwa owotcherera ku Ndirande kapena ku Limbe akawotcherere nati pamutupo. Kutentha komweko kumathandiza kuti imasuke, komanso mwapeza makona atsopano ogwira. Koma awuzeni achotse kaye waya wa batire, magalimoto amakonowa ali ndi kompyuta, apukutenso oilo yense wa panja pa sampu moto usabuke.

Ikatuluka musaibwezeretsenso, olo makaniko anene kuti bwana ikadali bho. Gulani yatsopano ndi washala wake, muyambe kuilowetsa ndi zala mpaka ikhale pansi kuti mathiredi asapingasane, kenako mumange cha m'ma 40 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti) ngati ndi Toyota, osatinso kuika paipi pa sipanala kuti muonjezere mphamvu.