Ulendo wa kwaya ku Thyolo: zimene tinakaona pa kasulidwe ka mawu

Tinanyamuka pa Chitakale Loweruka m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri la Mulanje mpaka m'munsi. Tinalipo 24 m'maminibasi awiri: asopulano 9, aalto 6, atena 4 ndi abesi 5. Tinadzera pa Chonde ndi Luchenza, ndipo pomwe imakwana 9 koloko n'kuti titafika pa tchalitchi cha anzathu, pakati pa minda ya tiyi kufupi ndi boma la Thyolo. Chotitengera kumeneko chinali chimodzi. Kwaya yathu imayamba nyimbo bwinobwino, koma pofika vesi lachitatu imakhala itatsika, abesi akukwawa pansi, ndipo kukacha Lolemba asopulano ena mawu amakhala atasasa. Anzathuwo ndi ochepa kuposa ife, koma vutoli alibe.

Sanatilole kuyamba ndi nyimbo. Mphunzitsi wawo, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, anatiimika mphindi 15 tikungokonza thupi ndi mpweya. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo osawaumitsa, chibwano osachikweza, pepala la nyimbo ligwiridwe pachifuwa kuti khosi lisapindike. Kenaka manja m'nthiti zam'munsi. Ukoke mpweya powerenga mpaka 4, nthitizo zikankhe manja, ndiye uutulutse ndi "sss" powerenga mpaka 8, kenaka 12, 16, mpaka 20. Ambiri a ife tinathera pa 12.

"Bambo, mapewawo akupita kuti? Mapapo sali kumeneko," anatero mayiwo kwa mmodzi wa abesi athu, anthu n'kufa nacho chiseko. Koma apa ndi pamene pagona nkhani. Wokweza mapewa amakoka mpweya wosaya, umene umathera pa mawu awiri oyambirira a mzere. Kuti amalize mzerewo amafinya kummero, ndipo kufinyako ndiko kumatsitsa nyimbo ndi kusasitsa mawu. Liwu limachokera ku timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa, maulendo oposa 100 pa sekondi kwa mwamuna akamalankhula ndi pafupifupi 200 kwa mkazi. Timinofu tating'ono chonchi si togwiritsa ntchito ya mapapo.

Kutenthetsa mawu amayamba ndi liwu loti "ng'ombe". Uimire pa "ng'" pomwepo osafika pa "o", ndiye ukwere manotsi kuchoka pa d (do) kufika pa s (so) n'kutsikanso, kasanu, ulendo uliwonse ukuyambira pamwamba pang'ono. Ukachita bwino umamva kunyerenyetsa m'mphuno ndi kumaso. Ukamva kummero ndiye kuti lilime waliumitsa. Pambuyo pake utsegule kukamwa kupita ku "a" osataya kunyerenyetsako. Amanjenjemeretsanso milomo ngati mwana woyerekeza njinga yamoto. Kwa amene milomo ikukana, ali ndi botolo la madzi ndi kapaipi komwera: kamizidwe masentimita awiri kapena atatu okha, uimbiremo "u" kwa mphindi zitatu, thovu lizituluka mosadukiza. Kakamira kwambiri ntchito imakula, munthu n'kuyambanso kukankha ndi khosi.

Nthawi yaitali inathera pa kutsika kwa nyimbo. Anatipatsa d pa kiyibodi, n'kuizimitsa, ife n'kuimba mavesi awiri a nyimbo yathu yomwe. Ataliza d uja kachiwiri, tinapezeka kuti tatsetsereka ndi theka la sitepe. Mayiwo analemba pa bolodi d r m f s l t d, n'kuzunguliza malo awiri: m ndi f, t ndi d. Masitepe ena onse ndi athunthu, awiri okhawa ndi atheka. Oimba ambiri amaimba m ndi t motsika, ndipo potsika kuchoka pa d kupita pa t, kapena pa f kupita pa m, amaponda sitepe yaikulu kuposa yoyenera. Aliyense akalakwitsa pang'onopang'ono chonchi mzere ndi mzere, pakutha pa vesi kwaya yonse yasamuka osadziwa. Lamulo lawo ndi loti pokwera tambasula mwendo, potsika ponda pafupi. Anatiimbitsa d t d ndi f m f mwina maulendo 20, aalto paokha, popeza iwo ndi atena ndiwo amakhala pa manotsi amenewa kawirikawiri.

Chinanso, liwu loyambira sachita kulota. Ife timangodalira wotsogolera kuti ang'ung'udze, ndiye tsiku limene wadzuka ndi chimfine nyimbo yonse imayambira m'chitsime. Iwo akakhala opanda magetsi amatenga liwu pa foni. Nyimbo ina ya mu F imene inkawatsikira nthawi zonse anaikweza ndi theka la sitepe n'kuiika mu F sharp, ndipo inakhazikika. Tinayesa pa yathu, zinathekadi.

Pa katchulidwe anadutsa msanga, koma mfundo ziwiri n'zofunika kuzisunga. Mavawelo athu ndi asanu okha, komabe pa "e" ndi "i" ena amamwetulira kwambiri ena ayi, ndiye notsi imodzi imamveka ngati ziwiri. Agwirizana kuti pa vawelo iliyonse nsagwada zitsike, chala chimodzi chizitha kulowa pakati pa mano, ziwiri pa "a". Yachiwiri ndi "m" wa mu "mtima" ndi "mtendere": kwaya igwirizane ngati akutenga notsi yakeyake kapena akumatidwa ku liwu lotsatira, apo ayi ena amafika msanga ena mochedwa.

Chimene chinatiwawa ndi kuyesedwa mmodzimmodzi. Kwathu munthu amasankha mbali potsata mnzake amene anabwera naye. Iwo amaimika munthu pa kiyibodi, kuyambira pa C wapakati (notsi ya C ya pakati pa kiyibodi), n'kutsika mpaka mawu atayamba kuzilala, kenaka kukwera mpaka mitsempha ya m'khosi itayamba kuoneka. Sayang'ana pamene munthu angafike mokakamiza, koma pamene akuimba momasuka. Sopulano azikhala bwino kuchoka pa C wapakati kukafika pa G wa pamwamba pa C wotsatira, alto kuchoka pa G wa pansi pa C wapakati. Mwa asopulano athu 9, atatu anapezeka kuti ndi aalto, ndipo ndi omwewo amene amasasa mawu sabata iliyonse. Mmodzi anakana kwamtuwagalu: "Mayi, ine ndayimba sopulano kuyambira ku Sande sukulu." Anamusiya, koma anamupempha ayese mwezi umodzi. Anyamata a zaka 12 mpaka 15, amene mawu akusintha, sawathamangitsa. Amawayesa miyezi itatu iliyonse n'kuwaika pamene mawu ali nthawi imeneyo, chifukwa amatha kutsika pafupifupi okitevu yathunthu, kuchoka pa d kufika pa d wa m'munsi.

Tikudya nsima ya nandolo, nkhani inafika pa dzira laliwisi, uchi, ndimu ndi jinja. Yankho lawo linali losapita m'mbali: chimene wameza chimadzera njira ya chakudya, sichikhudza timinofu ta mawu. Tiyi wa jinja amatonthoza kukhosi, basi, ndipo dzira laliwisi lingakutsegule m'mimba. Chothandiza ndi madzi, pafupifupi malita awiri pa tsiku, omwedwa kuyambira m'mawa osati pakhomo pa tchalitchi. Utsi wa kukhitchini, fodya, kukhosomola mokakamiza pofuna kuyeretsa kummero ndi kukuwa ku mpira Loweruka ndiye adani. Mawu akasasa, apumule, ndipo kunong'ona si kupumula. Akapitirira masabata atatu, kuchipatala.

Sikuti zonse tinavomereza. Anzathuwo amaimba ataima chilili, ndipo m'nyimbo zachangu amamveka ozizira. Ife kuvina sitisiya. Chimene tatengapo ndi dongosolo: manotsi ayambe akhazikika anthu ataima, masitepe a miyendo abwere pambuyo, ndipo pa mzere wautali kapena wokwera miyendo ichepetse. Ng'oma nayo izitsika pamene mawu akulowa, chifukwa oimba akapanda kudzimva amayamba kukuwa.

Tisanakwere minibasi cha m'ma 4 koloko, komiti inagwirizana kuti pulakatisi ya Lachitatu ndi Loweruka iziyamba ndi mphindi 15 zija, ochedwa azikachitira panja asanalowe, ndipo nyimbo iliyonse iziyesedwa pa kiyibodi poyamba ndi pomaliza. Aliyense abwere ndi botolo ndi kapaipi kake. Anzathuwo adzabwera kwathu mvula isanayambe, ndipo apempha kuti tidzawaphunzitse kavinidwe.