Mivi ya pa bolodi tinakaijambula pa mchenga wa ku Shire

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula mivi pa bolodi yosonyeza momwe zamoyo zimadyerana: udzu, chiwala, chule, njoka. Ana amakopera bwinobwino, mayeso n'kukhoza. Koma ukawafunsa kuti achule atatha chingachitike n'chiyani, amangoti kukamwa yasa. Zimenezi zinkandiwawa, ndiye mu Ogasiti ndinatenga ana 12 a kalabu yathu ya zachilengedwe n'kutsika nawo kuchigwa cha Shire.

Tinanyamuka ku Blantyre mbandakucha, aliyense ali m'juzi. Pomwe timamaliza zikhotakhota zotsikira ku Thabwa, majuzi onse anali m'zikwama. M'mbali mwa msewu matumba a makala anali ndandanda, mapiri ali mbee. Tinawoloka pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa nzimbe za ku Nchalo, mpaka pa doko lina la asodzi m'mphepete mwa Elephant Marsh. Dzinali anapereka ndi David Livingstone mu 1859 ataona njovu pafupifupi 800 m'dambomu. Lero mulibe ngakhale imodzi. Mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse.

M'bwato sindinalole mwana kukwera, ng'ona za kumeneko si zoseweretsa. Tinakhala pamthunzi pomwe bambo wina wachikulire ankasoka ukonde, ndipo ndinapatsa mtsikana mmodzi kamtengo kuti azilemba pa mchenga chilichonse chomwe bambowo atchule.

Anayamba ndi mvuu. "Timadana nazo, ana anga, zimatithera chimanga kudimba. Koma njira zomwe timadutsa ndi mabwato m'bangomu amatsegula ndani? Ndi mvuu zomwezo." Ine ndinangowonjezera kuti ndowe za mvuu ndi manyowa a m'madzi. Ndere zimakula ndi manyowawo, nsomba za makakana zimadya ndere, ndipo makakanawo akudikiridwa ndi nkhwazi, ng'ona komanso ukonde womwe unali pamiyendo pa bambowo. Mlamba sasankha, amadya tizilombo, tinsomba, ngakhale zovunda za pansi. Chapatali mbalame ya chiswankhono inkatola nkhono m'matope. Posakhalitsa mivi inapingasana mchenga wonse, ndipo mnyamata wina anafuula kuti, "Aphunzitsi, iyi ndiye food web ija!" Sindinamuuze ndine.

Namasupuni anatitengera nthawi. Chomerachi kwawo ndi ku South America. Chikaphimba madzi, dzuwa silifika pansi, ndere zimachepa, mpweya wa m'madzi umatsika, nsomba n'kusowa mtendere. Ana anakangana kuti muvi wake uloze kuti, poti palibe chomwe namasupuni akudya. Apa ndi pomwe anamvetsa kuti zamoyo zimalimbirananso kuwala ndi malo, osati kudyana kokha.

Kenaka bambo aja analoza pomwe panamera bango lowirira. Anati ali mnyamata nkhafi sinkafika pansi pamenepo, koma pano ndi matope okhaokha, ndipo madzi akasefukira ngati mu 2015 kapena pa namondwe wa Freddy mu 2023, amasowa kolowera n'kuthamangira m'midzi.

Mtsikana wa kamtengo uja anaima kaye. "Aphunzitsi, nanga matopewa muvi wake uchokere kuti?"

Anzake anayankha okha. Dothi lachokera kumapiri, lakokoloka chifukwa mitengo inadulidwa, mitengoyo ili m'matumba aja tinawaona m'mawa. Iye anakoka mzere wautali kutuluka pamthunzi mpaka padzuwa, ndipo kumapeto kwake analemba kuti "mbaula ya kwathu".

Ine ndinali nditasunga ndalama yoti ndigule thumba pobwerera, chifukwa kumeneko makala ndi otchipa kusiyana ndi m'tauni, ndipo magetsi akazima kwathu timaphikira makala omwewo. Tikukwera phiri dzuwa litapendeka, adalaivala anandifunsa ngati aime. Ndinacheuka, ndinapeza ana onse akuyang'ana matumba aja pawindo, palibe woyankhula. Ndinawauza adalaivala kuti tiyeni tizipita.