Ngalande za mu mitochondria ya zomera: khomo lakunja ndi lamkati sizifanana

Mitochondria, kachiwalo ka mu selo kopanga mphamvu, ili ndi nembanemba ziwiri, ndipo chisokonezo chambiri pophunzira mapuloteni amene amaboola nembanembazi chimachokera poziona ngati zimagwira ntchito imodzi. Yamkati imasunga mphamvu ya magetsi ya pakati pa 150 ndi 200 mV, mkati muli negative, ndipo puloteni wotchedwa ATP synthase amadalira mphamvuyo popanga ATP, yemwe amanyamula mphamvu mu selo. Kabowo kalikonse kotseguka pamenepo kamataya mphamvu. Yakunja ilibe udindo wotere. Ntchito yake ndi kulola malate, ADP, phosphate ndi glycine kudutsa mochuluka, makamaka m'masamba masana pamene photorespiration (kachitidwe kamene kamayamba tsamba likagwira oxygen m'malo mwa carbon dioxide) ikutumiza glycine wambiri kuti akasanduke serine.

Khomo lalikulu la nembanemba yakunja ndi VDAC (voltage-dependent anion channel, ngalande yomvera voltage yokonda ma ion a negative), puloteni wolemera pafupifupi 30 kDa. Schein, Colombini ndi Finkelstein adamupeza mu Paramecium, kamoyo ka selo imodzi, mu 1976, ndipo kapangidwe kake kadaoneka bwino mu 2008 pa VDAC1 ya munthu ndi ya mbewa. Ndi mbiya yopanda pansi yolukidwa ndi zingwe 19 za beta, ndipo kachidutswa ka alpha helix ka koyambirira kwa puloteniyo kamagona mkati mwa bowo. Zinthu zolemera mpaka pafupifupi 5 kDa zimadutsa. Cytochrome c, puloteni wa 12 kDa wonyamula ma electron kupita kumene oxygen amagwiritsidwa ntchito pa nembanemba yamkati, sadutsa, ndipo mfundo imeneyi ndi yothandiza m'labu.

Arabidopsis thaliana, chomera chogwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku, ili ndi ma VDAC anayi ogwira ntchito. Ukaononga jini ya VDAC1 kapena VDAC3, chomera chimakula pafupifupi bwinobwino. Ukaononga ya VDAC2 kapena VDAC4, chimapinimbira ndipo sichibereka bwino. Kunena kuti onsewa ndi mabowo chabe sikufotokoza kusiyanaku. Pali ntchito ina imene mabuku olembedwa poganizira nyama amailumpha. Mitochondria ya zomera ilibe majini a tRNA (onyamula ma amino acid popanga mapuloteni) onse amene imawafuna, choncho imaitanitsa ma tRNA ena kuchokera mu cytosol, madzi a mu selo ozungulira mitochondria, ndipo kafukufuku wa pa mbatata ya kachewere mu 2006 adaonetsa kuti VDAC ndi imodzi mwa njira zimene tRNA amalowera.

Kuyeza VDAC kumayamba ndi kupatula mitochondria yoyera. Zonse zichitikire pa 4°C. Minofu ya chomera imaperedwa m'madzi okhala ndi mannitol kapena sucrose wa 0.3 M pa pH 7.5, wothiramo PVP kuti agwire ma phenol, BSA kuti agwire mafuta omasuka, ndi ascorbate kapena cysteine kuti madziwo asadere. Kuzunguza koyamba pa 2,500 g kumatsitsa zinyenyeswa za khoma la selo ndi sitachi, kwachiwiri pa 17,000 mpaka 20,000 g kumatsitsa mitochondria, kenako Percoll, madzi olekanitsa zinthu potengera kulemera kwake, imailekanitsa ndi tiziwalo tina ta mu selo, ma plastid ndi ma peroxisome. Amene amalumpha Percoll amanong'oneza bondo, chifukwa ma plastid alinso ndi ngalande zawo zazikulu, ndipo ukhoza kuyeza ya plastid n'kumaitcha VDAC. Pofuna kudziwa ngati nembanemba yakunja sidang'ambike, thirani cytochrome c wochokera kunja n'kuona mmene oxygen akuthera musanathire Triton X-100 (detergent wong'amba nembanemba) ndi mutathira. Ngati akutha msanga musanathire, ndiye kuti yang'ambika. M'zopatula zabwino, mitochondria yosang'ambika imapitirira 90 peresenti.

Puloteniyo akayeretsedwa amaikidwa mu nembanemba yochita kupanga, yotchingira kabowo ka 100 mpaka 200 µm pakati pa zigawo ziwiri za madzi a KCl wa 1 M. VDAC imodzi ikalowa, kadutsidwe ka magetsi kamalumpha ndi pafupifupi 4 nS (nanosiemens). Mukakweza voltage pang'onopang'ono kuchoka pa −60 kufika pa +60 mV, ngalande imakhala yotseguka pafupi ndi 0, ndipo ikapitirira 30 mV mbali iliyonse imatsikira pa theka kapena kucheperapo. Mawu oti "yatsekeka" amasokeretsa. Ma ion aang'ono amadutsabe, kungoti tsopano imakonda a positive, ndipo ATP ndiye amakanika. Detergent akachuluka nembanemba imaphulika. Puloteni akachuluka, ngalande zambiri zimalowa nthawi imodzi ndipo sungawerengenso imodzi payokha. Mchere wochuluka umabisanso kusankha kwa ngalandeyo, n'chifukwa chake poyeza kusankha amaika 1 M mbali imodzi ndi 0.1 M mbali inayo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti wophunzira ayenera kukayika. Zonsezi zimaoneka m'mbale ya m'labu, koma nembanemba yakunja ya mitochondria yamoyo, yodzaza mabowo otseguka, ingasunge bwanji 30 mV? Akatswiri akadatsutsanabe. Chimene chili ndi umboni wogwirika m'zomera ndi mafuta ozungulira puloteniyo: pa VDAC ya nyemba za Phaseolus coccineus, ma sterol a zomera monga stigmasterol ndi sitosterol amasintha kusankha kwake, ndipo stigmasterol amasinthanso mmene imamvera voltage. Za gawo la VDAC pa imfa ya selo nazo zisakoperedwe kuchokera ku nyama mwachisawawa, popeza zomera zilibe mapuloteni a banja la Bcl-2 ndi Bax amene nkhani ya nyama yatsamirapo.

Ulonda weniweni uli mkati. MCU, ngalande ya kashiamu imene jini yake idadziwika mu 2011, imakokera kashiamu mkati mothandizidwa ndi magetsi aja. Arabidopsis ili ndi majini 6 a MCU ndi imodzi yokha ya MICU, mlonda wake wokhala ndi tizigawo togwira kashiamu totchedwa EF-hand. Mu 2015 zidaoneka kuti zomera zopanda MICU zimakhala ndi kashiamu wochuluka mkati mwa mitochondria, ndipo amakwera msanga zikadzidzimutsidwa. EMRE, puloteni amene MCU ya nyama siyenda popanda iye, m'zomera mulibe. Kuononga jini imodzi ya MCU kumaonetsa zochepa chifukwa anzake amatseka mpata, mpaka pochotsa atatu pamodzi m'pamene kulowa kwa kashiamu m'mizu kudatsika moonekeratu.

Ngalande zina zamkati zimataya mphamvu dala. Magetsi akakwera kwambiri, ma electron amadzadzana mu unyolo wa kupuma n'kuthawira ku oxygen, kupanga superoxide, mtundu wa oxygen woononga selo. Mu tirigu wa durum, ngalande ya potaziyamu yotchedwa PmitoKATP imatsekedwa ndi ATP koma imatsegulidwa ndi superoxide, ndiye mbande zikapanikizika ndi mchere kapena kusowa madzi, potaziyamu amalowa n'kutsitsa magetsiwo. MSL1, mbale wa ngalande ya mabakiteriya yotchedwa MscS, imatseguka nembanemba ikakokeka, ndipo zomera zopanda iyo zimaonetsa oxidation yochuluka mu mitochondria pa kutentha kapena pa cadmium. UCP (uncoupling protein, kutanthauza puloteni wotayitsa mphamvu isanapange ATP), imene idapezeka mu mbatata ya kachewere mu 1995, idadziwika kwa zaka zambiri ngati yodutsitsa ma proton ikadzutsidwa ndi mafuta omasuka. Mu 2018 UCP1 ndi UCP2 za Arabidopsis zitaikidwa mu liposome (timatumba ta nembanemba yochita kupanga) zidapezeka zikusinthanitsa aspartate ndi glutamate, ntchito yogwirizana ndi photorespiration kuposa dzina lake.