Mpunga ndi wotchi: mbiri ya bizinesi yathu ku Nkhotakota

Ndinakhala ku Johannesburg zaka 9, ndipo pa zaka zonsezo sindinavutikepo kuganiza za nthawi, chifukwa nthawi inali ndi eni ake. Ndinkagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu. Ndinkadzuka 4 koloko m'mawa popeza minibasi sinkadikira munthu, ndinkadya nkhomaliro belu likalira, ndipo ndinkaweruka woyang'anira akanena kuti tiweruke. Kumudzi ankanditama kuti ndine munthu wakhama, ndipo nanenso ndinkakhulupirira zomwezo. Dziko la South Africa litatseka ntchito ndi maulendo kumapeto kwa Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ntchito yathu inaima, lendi inayamba kudya ndalama zimene ndinasunga, ndipo patapita miyezi ingapo ndinakwera basi pamodzi ndi Amalawi anzanga, tinalowera ku Mwanza, mpaka ndinafika kwathu ku Nkhotakota ndi zikwama ziwiri ndi ndalama zotsala pang'ono.

Miyezi yoyamba ndinkati ndikupuma. Ndinkadzuka dzuwa litakwera kale pamwamba pa nyanja, n'kumwa tiyi, n'kupita pansi pa mtengo wa mango pamene anzanga amaseweretsa bawo, ndipo poti ndinali wobwera kuchokera ku Joni, zakumwa ndi mandasi ndinkagula ndine. Panalibe tsiku limene ndinawononga ndalama zambiri, koma panalibenso tsiku limene sindinawononge, ndipo pofika Khirisimasi theka la zimene ndinabwera nazo linali litapita popanda chooneka. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti usiku ndinkagona ndi maganizo abwino a bizinesi, koma m'mawa panalibe chondikakamiza kudzuka, choncho maganizowo ankadikira mawa lina.

Akazi anga anali akugulitsa mpunga pa msika wa pa boma zaka zonse zimene ine ndinali kunja. Ankagula thumba limodzi kapena awiri, n'kupunthitsa, n'kumagulitsa pa mbale, ndipo ndalama imeneyo ndi imene inkagula ndiwo ndi sopo masiku amene zanga zinkachedwa kufika. Tsiku lina m'mawa, atabwera kale kotunga madzi ndiponso atasesa pabwalo, anandipeza ndikadali pa mphasa ndipo anandifunsa modekha kuti, "Abambo, kodi ku Joni ankakudzutsani ndani?" Ndinayankha kuti inkandidzutsa ntchito. Iwo anati, "Ndiye kuno kulibe ntchito, kapena kulibe wokudzutsani?" Sananenenso china, anasenza beseni lawo n'kumapita kumsika. Funso limenelo ndinakhala nalo tsiku lonse, chifukwa linandionetsa kuti khama limene anthu ankanditamira nalo linali lobwereka, ndipo mwini wake ndinamusiya ku Johannesburg.

Tinagwirizana kuti ndalama zotsalazo zikhale mpamba wokulitsira bizinesi yawo. Nkhotakota ndi dera la mpunga, kuyambira m'madambo a m'mbali mwa nyanja mpaka ku sikimu ya Bua, ndipo Kilombero ndi Faya wa kuno amadziwika mpaka ku Lilongwe chifukwa cha fungo lake. Alimi amakolola mu Meyi ndi Juni, ndipo nthawi imeneyo mpunga wosapuntha umatsika mtengo chifukwa aliyense amafuna ndalama, pamene kuyambira Disembala mpaka Marichi umasowa n'kukwera. Bizinesi yonse yagona pamenepo: kugula pa nthawi yokolola, kusunga bwino, n'kumapunthitsa pang'onopang'ono. Mu Juni 2021 ndinagula matumba 20 a makilogalamu 50.

Pa matumba amenewo ndi pamene ndinaphunzira phunziro lowawa. Ena mwa iwo anali asanaume bwino, choncho ndinawayanika pa lona pabwalo, n'kuuza mnyamata waganyu kuti aziingitsa nkhuku, ine n'kupita ku bawo ndi mtima woti ndibwerera posachedwa. Ndinabwerera kutada. Mpunga unakhala padzuwa tsiku lonse osatembenuzidwa, ndipo poti kunali kutada ndinati tiwola mawa, motero unagona panja n'kumwa mame. Sindinkadziwa kuti njere ya mpunga ikauma mofulumira pa dzuwa lamphamvu, kenako n'kunyowanso, imachita ming'alu m'kati, ming'alu yosaoneka chifukwa yabisika ndi mankhusu. Ku chigayo ndinaimirira pafupi ndi potulukira, ndikuyembekeza njere zazitali zoyera, koma chimene chinkagwera m'thumba chinali mpunga woduka pakati. Mwini chigayo anatapa m'dzanja, anauyang'ana, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mpungawu munauyanika ndinu kapena unadziyanika wokha?" Wogula wa ku Lilongwe amene tinapangana naye anaukana, ndipo sindinamuimbe mlandu. Tinaugulitsa motchipa kwa amayi ophika phala ndi zitumbuwa, ndipo phindu la matumba 8 linathera pomwepo.

Kuyambira sabata imeneyo ndinasiya kudalira mtima wanga kuti undiuze nthawi yogwira ntchito, popeza ndinaona kuti mtima umapeza chifukwa tsiku lililonse. Ndinafuna belu lina, ndipo ndinalipeza pafupi. Ife ndife Akhristu, koma nyumba yathu ili kufupi ndi mzikiti, monga zilili nyumba zambiri za ku Linga, ndipo m'bandakucha uliwonse mawu oitanira anthu ku mapemphero amamveka bwinobwino. Ndinapangana ndi akazi anga kuti mawu amenewo akamveka, mapazi anga akhale pansi, kaya ndagona mochedwa kaya thupi likukana. Masabata awiri oyamba anali ovuta kwambiri, makamaka poti kunali kuzizira kwa mwera, ndipo kangapo anachita kundivundukula bulangeti. Lero ndimadzuka mawuwo asanamveke.

Tsiku lathu m'nyengo yogula limayenda chonchi. Ndikadzuka ndimapemphera, n'kutsegula chipinda chosungiramo, n'kuwerenga matumba ndi tochi, ndipo ndimayang'ana pansi ngati pali mankhusu omwazika, chifukwa ndiwo amaulula khoswe. Matumba timawasanja pa mitengo kuti asakhudze simenti, ndiponso timasiya mpata pakati pa iwo ndi khoma. Mame akangouma, cha m'ma 8 koloko, timayala mpunga mopyapyala pa lona, ndipo ndimautembenuza ndi mapazi kapena ndi thabwa pakangopita pafupifupi theka la ola, kuti wapansi usatsalire wapamwamba atauma kale. Dzuwa likafika paliwombo timauunjika n'kuuphimba kuti upume, ndipo timauyalanso likapendeka. Kuti ndidziwe ngati wauma ndimasenda njere imodzi n'kuiluma ndi mano akutsogolo: ikaphwanyika mofewa ngati ufa, ikadali ndi madzi, koma ikaduka ndi kamawu kouma, yakwana. Pofika 4 koloko madzulo palibe njere imene imatsala panja. Lamulo limenelo silinaswekepo chiyambire tsiku la mame lija, ngakhale tsiku limene pamudzi pano panagwa maliro, pamene ndinayamba ndawola kaye kenako n'kupita kusiwa.

Ku chigayo timapita Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Thumba la makilogalamu 50 louma bwino limatipatsa makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zotsalazo ndi mankhusu ndi deya, amene timagulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Tikabwerako akazi anga ndi amayi awiri amene timawalipira pa tsiku amapeta ndi malichero, kuchotsa timiyala ndi kupatula woduka, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imagulitsa mpunga wathu, chifukwa mayi wa m'tauni akaluma mwala kamodzi sabweranso. Timaika m'matumba a makilogalamu 5 ndi 10, ndipo Loweruka katundu amakwera galimoto kudzera msewu wa M5 mpaka ku Salima, kenako n'kukwera mtunda kupita ku Lilongwe.

Koma chovuta kuposa kudzuka chinali kope. Madzulo alionse, tikatha kudya, timakhala awiri pa tebulo n'kulemba zonse za tsikulo: zogula, zogulitsa, za kabaza, za aganyu, ngakhale ulusi wosokera matumba. Ndalama za bizinesi zili ndi nambala yakeyake ya Airtel Money, ndipo za pakhomo timadzilipira ngati malipiro kumapeto kwa sabata. Poyamba ndinkaona ngati n'kudzichepetsa kuti bambo wa pakhomo alembe kuti wamwa tiyi wa ndalama zakuti, ndipo panali masiku amene ndinkabisa. Koma kope silibisika, chifukwa masamu akapanda kugwirizana, pamakhala chete amene amalankhula kuposa mawu. Ndinazindikira kuti zimene ndinkachita manyazi kulemba ndi zomwezo zimene sindinkayenera kugula.

Kope lomwelo linatithandiza pa nkhani ya abale, imene aliyense wochita bizinesi kwawo amaidziwa. Munthu akaona matumba atasanjikana m'chipinda amaona chuma, saona kuti umenewo ndi mpamba umene ukachoka bizinesi yafa. Atsibweni anga anabwera tsiku lina kudzapempha matumba awiri a pa chinkhoswe cha mwana wawo, kuti adzabweza akagulitsa chinangwa. Kukana atsibweni si chinthu chapafupi, ndipo sindinkafuna kukana. Ndinawapatsa mpando, ndinatenga kope, n'kunena kuti, "Atsibweni, onani nokha. Awa ndi a banki mkhonde, awa ndi a alimi amene sindinamalize kuwalipira. Anga enieni ndi awa, ndipo pa amenewa ndikupatsani thumba limodzi laulere, osati langongole." Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, wanena zoona." Kuyambira pamenepo tinaika mzere wapadera m'kope wa zothandizira abale, maliro ndi tchalitchi, ndipo mwezi uliwonse timaikamo kangachepe. Ukatha, watha mpaka mwezi wina. Ndimaona kuti kupereka kotere n'kwaulemu kuposa kukongoza munthu zimene nonse mukudziwa kuti sizidzabwera, kenako n'kumazembana pa njira.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa mafuta, matumba ndi mayendedwe unakwera m'masiku ochepa. Anzathu ena amene tinayamba nawo anagulitsa pa mtengo wakale, n'kusangalala kuti katundu wayenda msanga, koma pofika nyengo yogula ndalama zawo sizinakwanenso kugula matumba amene anali nawo chaka chatha. Ife tinapulumuka chifukwa kope linatizoloweretsa kuwerenga chuma chathu m'matumba osati m'makwacha. Funso lathu la madzulo alionse linali lakuti, kodi ndalama zimene talandira lero zingagulenso mpunga wochuluka bwanji? Tinachepetsa kugulitsa, tinakweza mtengo pang'onopang'ono, ndipo tinauza makasitomala athu chifukwa chake mosabisa.

Nyengo imene imandiyesabe mpaka lero ndi ya dzinja. Kuyambira Januwale mpaka Marichi kulibe choyanika, kulibe chogula, mvula imagwa m'mawa, ndipo thupi limakumbukira msanga masiku a pa mphasa aja. Chaka choyamba ndinaterereka, ndinayambanso kudzuka mochedwa, ndipo anankafumbwe analowa m'matumba atatu ine osadziwa chifukwa ndinasiya kuyendera chipinda. Tsopano dzinja lili ndi ndondomeko yake. M'mawa ndimapita kudambo kumene tinabwereka munda wathu wa mpunga, kukawokera ndi kupalira mpaka 11 koloko. Masana ndimasoka matumba obooka ndi kukonza lona, ndipo Lachitatu lililonse ndimapalasa njinga kukacheza ndi alimi amene timagulako, kuona mmene mbewu ikukulira ndi kumva mavuto awo, kuti ikafika Meyi ndisakhale mlendo wongobwera ndi sikelo.

Bawo sindinasiye, ndipo sindikufuna kusiya, chifukwa pansi pa mtengo paja m'pamene ndimamva za mitengo ya zinthu, za msewu ndi za amene akudwala. Ndimapitako Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, komanso masiku ena madzulo, chipinda chikatsekedwa ndipo lona yapindidwa. Anzanga poyamba ankati ndayamba kunyada, koma awiri mwa iwo tsopano amandibweretsera mpunga wawo kuti ndiulume ndisanawauze tsiku lopita ku chigayo.

Chaka chino tagula matumba 140, ndipo tabwereka chipinda chachiwiri kwa aneba. Mwana wathu woyamba, amene ndinamusiya akuyamba kumene sukulu pamene ndinkapita ku Joni, ndi amene amalemba m'kope akakhala pa tchuthi, ndipo amayi ake amamuwerengera ndalama mokweza kuti alembe. Dzulo anapeza kuti masamu akuperewera ndi K1,500, ndipo tinakhala pa tebulo mpaka ndinakumbukira kuti ndinalipira wakabaza amene ananyamula deya. Analemba, anatseka kope, ndipo tinazimitsa nyali chifukwa lero ndi Lachisanu, tsiku la ku chigayo.